Miyala ikuluikulu pa puloti ya kutsinde kwa phiri ku Zomba inachokera kuti? Ndigule kapena ayi?

Nachisale265:

Moni nonse abale. Pali nkhani ikundisowetsa tulo nde ndati ndifunse kuno poti muli anthu odziwa zinthu zosiyanasiyana. Ndapeza puloti ku Zomba kutsinde kwa phiri cha mbali yopita ku Domasi, mtengo wake ndi wabwino kwambiri kusiyana ndi mtauni, malo okongola kamphepo kayaziyazi, madzi sasowa chifukwa pali kamtsinje kakudutsa chapafupi pompo kochokera m'phirimo. Vuto langa ndi miyala. Pa pulotipo ndi mmunda mwa oyandikana nawo muli miyala ikuluikulu yobulungira, ina yaitali kuposa munthu ataimirira, yangoti mbwee ngati wina anachita kuitaya, pomwe phiri lenilenilo lili kapatali ndithu.

Ndafunsa anthu atatu ndamva zinthu zitatu. Ogulitsa akuti miyalayo inalengedwa pompo palibe chodetsa nkhawa, ndingopeza anyamata aiswe ndipezeretu kwale wa fawundeshoni. Mwana wa achemwali anga ali Form 4 akuti aunt imeneyo inabwera ndi glacier, ati anaphunzira kuti madzi oundana amanyamula miyala kukaisiya kutali. Agogo ena okhala cha kumtunda anangondiyang'ana nkuti "mwanawe, imeneyo ndi njira ya Napolo", osaonjezera kanthu. Komanso nyumba ina yoyandikana ndi pulotiyo khoma lake ndi long'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, nde wina wandiuza kuti Zomba yonse ili pa fault tsiku lina kudzachita chivomerezi chachikulu.

Ndalamazi ndasunga movutikira ndipo ndi nyumba yoti adzakhalemo mayi anga, sindikufuna kuwaika pangozi. Kodi miyala yotereyi imabwera bwanji? Ndani akunena zoona mwa atatuwa? Chonde odziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi_Wopuma:

Achemwali mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama. Ine ndinaphunzitsa Geography zaka zambiri ku sekondale nde mundipirire ndikatalikitsa.

Ndiyambe ndi fault poti ndi yomwe akuopsezani nayo. Fault ndi mng'alu waukulu mu thanthwe la pansi pa nthaka, pomwe mbali imodzi imasuntha kusiyana ndi inzake. Dziko lathuli lili mu Rift Valley, chigwa chija chochokera ku Ethiopia kudzafika kwathu kuno mpaka ku Mozambique. Africa mbali ino akukokeka pang'onopang'ono, kwathu kuno ndi mamilimita ochepa chabe pa chaka simungaone ndi maso, koma pakadutsa zaka mamiliyoni pakatipo pamatitimira m'mbali nkutsala mmwamba. Nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzadza pa malo otitimirawo. Pamwamba pa madzi ake ndi pafupifupi mamita 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, koma cha kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pa nyanja yathu ndi potsika mamita oposa 200 kuposa pamwamba pa Indian Ocean. Palibe mtsinje ungakumbe dzenje lotero, nthaka inachita kutitimira. Mukamatsika ku Golomoti kuchokera ku Dedza, kapena kutsetsereka kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena pa Chiweta paja mabuleki amanunkha, dziwani kuti mukutsika mmakoma a chigwa chimenechi. Fault ya Bilila-Mtakataka yokha ndi yaitali makilomita oposa 100. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde nawonso ndi madzi amene amalowa pansi kwambiri nkutentha kenako nkukwera kudzera mming'alu yomweyi.

Zomba nayo fault ilipo zoona, ili mbali ya kuzambwe kwa phiri. Amene anafikako ku Chingwe's Hole nkuyang'ana pansi ku Chingale ndi ku Shire waona phompho limenelo. Ndipo zivomerezi kwathu kuno sizachilendo, pa 10 Malichi 1989 ku Salima anthu anamwalira ena zikwizikwi nkusowa pokhala, mu Disembala 2009 ku Karonga kunagwedezeka kangapo motsatizana, chachikulu chinali cha pafupifupi 6 pa sikelo, nthaka inang'aluka nyumba zambiri za njerwa zomangira dothi zinagwa. Koma chivomerezi sichisankha nyumba imodzi pamudzi, nde khoma la aneba anulo ine ndikukayikira zina, mwina fawundeshoni yosazama, mwina dothi la makande lomwe limafufuma dzinja nkuchita ming'alu chilimwe, mwinanso nthaka ya pamalopo ikutsetsereka pang'onopang'ono. Za chivomerezi mankhwala ake ndi kamangidwe, simenti yokwanira, ring beam yachitsulo kuzungulira nyumba yonse, zimenezo muchite olo mutagula puloti ku Lilongwe. Fault isakuletseni kugula. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kamtsinje mwatchulako.

Phiri la Zomba poyamba silinali phiri. Unali mwala wosungunuka umene unakwera kuchokera pansi nkuzizirira mkati mwa nthaka osatulukira kunja, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mwala wake wambiri ndi syenite, wolimba zedi. Miyala yofewerapo yomwe inaukwirira inadyeka nkukokoloka, wolimbawo nkutsala poyera. Mulanje ndi chimodzimodzi, Sapitwa yense uja ndi mamita ake 3,002 ndi chotsalira. Nde muone kuchuluka kwa zinthu zimene madzi anachotsapo, ndipo ntchitoyo sinathe ikupitirirabe.

Mwala olo ulimbe chotani umakhala ndi timing'alu. Madzi a mvula amakhala ndi ka asidi pang'ono kochokera mu mpweya ndi mmasamba owola, nde akalowa mtiming'alumo amayamba kuwoletsa mwalawo, mbali ina imasanduka dongo lomwe timaumbira njerwali, ina imatsala ngati mchenga, chitsulo cha mmwalamo chimachita dzimbiri nchifukwa chake katondo ndi wofiira. Kwathu kotentha ndi kwamvula kuno kuwola kumeneku kumalowa pansi kwambiri, pa Lichenya ku Mulanje kunafika mpaka posiya bauxite yopangira aluminiyamu. Onjezerani dzuwa masana kuzizira usiku, moto wa tchire, mizu ya kachere yolowa mmng'alu nkuukanula. Chimene chimayamba kudyeka ndi makona, ndiye mwala wa makona anayi umasanduka wobulungira uli pamalo pomwepo osasuntha olo pang'ono, dothi lozungulira likakokoloka umaonekera. Apa ogulitsa aja akhoza kukhala kuti akunena zoona. Miyala yotereyi mumaidziwa chifukwa imakhala yosanjikizana bwinobwino ming'alu yake ikulondolana, imasuwa makoko, pansi pake mukakumba mupeza mwala womwewo koma wofumbutuka ndi khasu.

Koma pali njira ina, ya agogo aja. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi lowola lija la pamwamba pa thanthwe limakhuta madzi, pansi pake madzi alibe kolowera, nde chigawo chonse chimatereka nkugwera mukhwawa, mmenemo chimasakanikirana ndi madzi nkutsika ndi miyala, mitengo, chilichonse. Chikatuluka mukhwawa kufika poti pali see chimamwazika nkusiya katundu yense pamenepo. Malo amenewo amakhala okongola, otsetsereka pang'ono, achonde, madzi pafupi, ndendende mmene mwafotokozeramo. Nde funso langa ndi ili: miyalayo ndi yosakanikirana ikuluikulu ndi ing'onoing'ono mu dothi limodzi? Yandanda mmbali mwa kamtsinjeko? Mukaima pa pulotipo nkuyang'ana kumtunda, kukamwa kwa khwawa kwakulozani? Mukandiyankhe zimenezi.

MnyamataWaKuChilobwe:

Mayi, ine sukulu ya miyala sindinaphunzire koma ndinaona ndi maso anga mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, nde ndikupemphani mumvere agogowo.

Kwathu kunali kamtsinje ngati kanuko kochokera m'phiri la Soche, chilimwe umachita kulumpha osanyowa, amayi amachapirako ana amaseweramo. Miyala ikuluikulu inalipo kalekale mmbali mwake tinkakhalapo madzulo kumacheza, anthu ena anamanga nyumba mogundiza mwala weniweni kuti usunge khoma, palibe anadzifunsapo kuti kodi mwala waukulu chonchi unafika bwanji pano. Mvula ija itagwa masiku aja osakata tinangomva phokoso kumtunda nthaka ikunjenjemera pansi pa mapazi, ndipo chomwe chinatsika sanali madzi ayi, anali matope olimba ngati phala la mgaiwa, miyala ikuyenda pamwamba pake ikugundana, mitengo yathunthu ndi mizu yomwe, malata, zonse pamodzi, fungo la dothi lokumbidwa kumene lili thoo. Sizinatenge nthawi. Amene anali munjira yake analibe mpata olo wotenga mwana kuchipinda. Nyumba yathu inatsala chifukwa inali pakamtunda pang'ono, mamita ochepa chabe kuchokera pomwe zinadutsa, koma anzanga amene ndinakula nawo ena tinawafukula ndi makasu ndi manja, ena mpaka lero sanapezeke. Dziko lonse omwalira ndi osowa anapitirira 1,000, ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unachita kuseseka.

Chimene chimandiwawa mtima mpaka pano nchakuti matope atauma, miyala yatsopanoyo inakhala pambali pa yakale ija, ndipo ukaiyang'ana ndi mtundu umodzi, kukula kwake chimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti yakaleyo ndi yakuda ndi ndere yatsopanoyo ndi yoyera. Ndiye kuti zinachitikapo kale ife tisanabadwe, umboni unali pakhomo pathu timaukhalira tsiku ndi tsiku.

Kaya mumati Napolo ndi njoka kaya ndi dothi lokhuta madzi mmene akunenera aphunzitsiwa, ine sinditsutsana ndi aliyense, koma akuluakulu akamati Napolo amadutsa njira yake yomwe ija amanena zoona. Amayi anu ndi achikulire sangathamange usiku mvula ikugwa. Puloti yotchipa mmbali mwa khwawa ayi mayi chonde.

Nangozo_Edinburgh:

Pepani kwambiri achimwene a ku Chilobwe, ndawerenga misozi ili mmaso. Mulungu akutonthozeni.

Ine ndiyankhepo za glacier zokhazo poti ndimakhala ku Scotland komwe dziko lonse linasemedwa ndi zimenezo. Mwana wa Form 4 uja sananame kuti glacier imanyamula miyala, kungoti waiika malo olakwika. Glacier imapangika komwe sinowo imagwa chaka ndi chaka osasungunuka yonse, imaunjikana nkupanikizana mpaka kusanduka ayezi wolimba wochindikala mamita mazanamazana, nde chifukwa cha kulemera amayamba kuyenda kutsika pang'onopang'ono, pena masentimita pena mamita ochepa patsiku. Akamayenda amazula miyala pansi nkuikoka, miyalayo ndi imene imapala thanthwe nkusiya mizere yoongoka yoloza mbali imodzi. Kuno ayezi womaliza anatha zaka pafupifupi 11,500 zapitazo, dzana dzanali tikayerekeza ndi zaka mamiliyoni akunena aphunzitsi, nchifukwa chake zizindikiro zikuonekabe bwinobwino.

Mu tauni ya Edinburgh momwemuno, Castle inamangidwa pa mwala wolimba wa volcano yakale. Ayezi anabwera kuchokera kuzambwe nakanika kuuphwanya, anangokumba mmbali mwake, nchifukwa chake Grassmarket ndi Princes Street Gardens zili m'maenje, ndipo kuseri kwa mwalawo kunatsala mchira wautali wotsetsereka, umenewo ndi msewu wa Royal Mile wotsikira ku Holyrood. Ndimayenda pamenepo popita kuntchito ndipo chidziwireni zimenezi ndimapaona mwanjira ina. Mukapita ku Glen Coe chigwa chake ndi chotakata pansi makoma ali chilili ngati chilembo cha U, pomwe makwawa a ku Zomba ndi ku Mulanje okumbidwa ndi madzi ndi opanikizika pansi ngati V. Pa nyanja ya Loch Ness ndiye zinthu ziwiri zinakumana, pali fault yaikulu yodula Scotland pakati yotchedwa Great Glen Fault, miyala ya pamenepo inali yophwanyika kale nde ayezi anapeza pofewa nakumba mpaka mamita pafupifupi 230. Ndipo ayezi uja anali wolemera moti anatitimiza dziko, chichokereni mpaka lero Scotland ikukwerabe pang'onopang'ono.

Miyala yosiyidwa ndi glacier kuno ilipo yambiri, umapeza chimwala chili chokha pakati pa munda wa nkhosa cha mtundu wosiyana ndi thanthwe la pamalopo, chochokera makilomita ambirimbiri. Koma ku Africa masiku ano ayezi wotere ali pansonga pa Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori basi, mapiri a mamita 5,000 kapena kuposa, ndipo akutha, pa Kilimanjaro gawo loposa 80 pa 100 la ayezi amene analipo mu 1912 linasungunuka. Phiri la Zomba ndi la mamita 2,000 ndi pang'ono. Kumazizira ku Ku Chawe mu Juni inde koma sikungasunge ayezi chaka chonse.

DalaivalaWaJoni:

Achemwali a ku Scotland mwafotokoza bwino koma ndionjezereko pang'ono mwanayo tisamugwetse ulesi, ayezi kumwera kwa Africa kuno anakhalako. Ine ndimayendetsa thiraki ku South Africa, kufupi ndi Kimberley cha ku Barkly West mmbali mwa mtsinje wa Vaal kuli malo amati Nooitgedacht, ndinapatukirako ndi mnzanga wa konko. Kunja kukutentha koopsa tchire louma, koma thanthwe lake ndi losalala lopalidwa, mizere yoongoka ili mbali imodzi yokhayokha ndendende mmene mwaneneramo, ukayendetsa chala umaimva. Anthu akale a chi San anajambulaponso zithunzi zawo pa thanthwe lomwelo. Ayezi ameneyo ndi wa zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo nthawi imene Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali dziko limodzi la Gondwana ndipo mbali inoyi inali kufupi ndi South Pole. Miyala yomwe anasiya amaitcha Dwyka, ili malo ambiri ku Karoo, dera louma la ku South Africa. Atasungunuka kunabwera madambo ndi nkhalango zomwe zinasanduka malasha, a ku Mpumalanga omwe ndimanyamulawa, ndipo malasha a kwathu ku Mchenga ku Rumphi ndi a banja lomwelo la miyala ya Karoo.

Nde aphunzitsi ndifunseko, sizingatheke kuti miyala ya mayiwa ndi yotsalira nthawi imeneyo?

Mphunzitsi_Wopuma:

Funso labwino achimwene, ndipo zonse mwanenazo ndi zoona, ngakhale ku Karonga miyala ya pansi pa malasha ili ndi zizindikiro za ayezi yemweyo. Koma werengani zaka. Ayezi wanuyo ndi wa zaka 300 miliyoni, mwala wa phiri la Zomba ndi wa zaka 100 miliyoni ndi zina, pamene ayezi amadutsa mwalawo kunalibe nkomwe, unabwera patapita zaka pafupifupi 200 miliyoni. Sanganyamule chinthu chomwe sichinapangike. Ndipo miyala ya Dwyka siimapezeka ili payokhapayokha pamwamba pa munda, inamatirirana kalekale nkukhala thanthwe limodzi. Nde glacier tiichotsepo pa puloti ya achemwaliwa, tatsala ndi ziwiri.

Mlangizi_Machinga:

Ine ndine wa zaulimi ndimagwira ntchito ndi alimi mmapiri a kuno, nde ndikufuna ndinenepo mbali yomwe imandipweteka chifukwa Napolo timamukumbuka akapha anthu koma kukokoloka kwa tsiku ndi tsiku sitikulabadira pomwe ndi kumene kukutidya. Kafukufuku amene boma linachita ndi a FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino limataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi limenelo kuti lipangike kuchokera ku mwala mmene afotokozera aphunzitsi pamafunika zaka mazanamazana pa masentimita ochepa, ife tikulitaya pa zaka zochepa chabe. Ndimafika mmunda mlimi akudandaula kuti miyala ikumera, chaka chino yachuluka kuposa chatha, ndimamuuza kuti bambo miyala simera, dothi ndi lomwe lachoka. Fetereza amene wagula modula uja amapita nawo limodzi.

Ndipo zimayamba mochepa, kanjira ka ng'ombe kapena ka anthu otsika ndi matumba a makala, kapena mizere yolimidwa choloza kumunsi, mvula yoyamba kangalande kofika mu akakolo, zaka zingapo chigwembe choti munthu akalowamo saoneka ndipo chimadya chobwerera kumtunda mpaka kudula munda pakati. Amene anafika ku Malape Pillars kuno ku Machinga aona zipilala zadothi zija, alendo amajambulitsapo nzokongola inde koma ndi ntchito ya madzi yomweyi. Dothi lonselo limathera mu Shire, muone mtundu wa madzi pa Liwonde mu Januwale, kenako limakadzadza pa Nkula mpaka kumachita kukumba ndi makina kuti magetsi apangike. La mbali ya ku Domasi ndi Likangala limathera mu nyanja ya Chilwa yomwe ndi yosazama kale ilibe potulukira ndipo inaphwerapo mu 1995 ndi 2018.

Koma pali chinthu chimodzi ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Freddy atachitika aliyense amangoti ndi chifukwa chodula mitengo, tikadzala mitengo basi zatha. Kudula mitengo kunaonjezera ngozi zimenezo sindikana, phiri la Soche linametedwa tonse tikuona, ndipo ine ntchito yanga ndi yomweyo yodzalitsa mitengo, vetiva, kukonza akalozera ndi kutseka zigwembe. Zimenezi zimagwiradi dothi la pamwamba ndipo zimachepetsa liwiro la madzi. Koma mizu imagwira mita imodzi kapena awiri, chigumukire chikayambira pansi pomwe dothi lakumana ndi thanthwe chimanyamula nkhalango yonse. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika m'phiri la Zomba lomwelo nakokolola milatho ndi kupha anthu mtauni, nthawi imeneyo anthu anali ochepa mitengo inali yambiri kuposa lero. Mu Malichi 1991 ku Phalombe zinatsika m'phiri la Michesi anthu mazanamazana anapita. Nde mayi, wina asakunamizeni kuti mungodzala bulugamu ndi vetiva kumtunda kwa nyumba mukhala bwino. Ngati malowo ndi njira ya madzi, ndi njira ya madzi.

Za khoma long'aluka lija muonenso izi: mitengo ndi mapolo a pamalopo ngati apendekera kumunsi, zitseko za anebawo ngati zimakanika kutseka dzinja, ndi ngati pali malo potuluka madzi pansi pomwe chilimwe pamakhala pouma. Zikakhala choncho nthaka ikuyenda.

Nachisale265:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundithandiza chonchi. Achimwene a ku Chilobwe pepani pepani, mawu anu andilowa mumtima.

Aphunzitsi, ndinatuma mlongo wanga amene amakhala ku Zomba konko kuti akaone zomwe munafunsa. Akuti miyalayo ndi yosakanikirana, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, pomwe aneba anakumba chimbudzi dothi lake ndi lodzadza ndi miyala yamitundumitundu mpaka pansi sanapeze thanthwe. Ikuluikuluyo yambiri yandanda mbali zonse ziwiri za kamtsinje ngati mizere iwiri, ndipo akuti ukaima pa puloti khwawa lili moyang'anizana nawe ndithu, kumtunda kwake kukuoneka chipsera choyera pa phiri pomwe palibe mitengo. Mapolo sanapendekere. Ndiye kuti basi ndiisiye eti? Mayi anga malowa anawakonda kwambiri chifukwa ndi kufupi ndi kwawo.

Mphunzitsi_Wopuma:

Achemwali, ndi zomwe mlongo wanu waonazo ine pamenepo sindingagonekepo mayi anga. Mizere iwiri ya miyala mmbali mwa mtsinje ndi mmene matope oyenda aja amasiyira katundu wawo akamadutsa, ndipo dothi losakanikirana ndi miyala mpaka pansi pa dzenje la chimbudzi likusonyeza kuti malo onsewo anachita kuunjikidwa ndi zotsika m'phiri, mwina kambirimbiri. Chipsera choyeracho ndi pomwe panagumuka posachedwapa. Kuswa miyala ya pa puloti sikusintha kanthu chifukwa ina ikadali kumtunda ikuwola mmene ndinafotokozera muja.

Koma sikuti muthawe dera lonse ayi, anthu akhala kutsinde kwa phiri la Zomba mibadwomibadwo. Pakati pa makwawa awiri pamakhala kamtunda, msana wa phiri, pomwe madzi amagawikana kupita uku ndi uku, funani puloti pamenepo olo ikhale yodulirapo kapena yotalikira kotunga madzi, ndipo isakhale pansi penipeni pa phompho pomwe mwala ungagubuduke wokha. Mwayi wanu likulu la Geological Survey Department lili ku Zomba komweko, mlongo wanu apiteko ndi zithunzi za khwawalo, za chipseracho ndi za dzenje la anebawo akafunse akatswiri, iwowo akhoza kuona zomwe ife pa foni sitingaone. Ndipo agogo aja mubwerereko mukakhale nawo pansi mwaulemu, muwafunse chaka chomwe madzi anadutsa komaliza, anafika pati, ndi malo ati amene sanakhudzidwepo chibadwire chawo, kenako puloti yatsopanoyo mukaifune kumeneko.